Wosewera basketball akasanduka mphunzitsi kudziko la eni: mayankho a makalata anu

Mwezi uno makalata ambiri amene afika pa desiki la zamasewero ndi a basketball, ndipo anayi mwa iwo akuzungulira pa nkhani imodzi, ya wosewera amene wasiya kusewera n'kukayamba kuphunzitsa timu kunja kwa dziko lake. Makalatawo tawafupikitsa, ndipo maina a olemba tawabisa monga timachitira nthawi zonse.

Akonzi, ndine bambo wa zaka 32, ndimakhala ku Ndirande ndipo ndasewera basketball m'ligi ya m'chigawo cha kummwera kwa zaka 12. Bondo langa lakumanzere lafika poti ndikasewera Loweruka pa Blantyre Youth Centre, Lolemba ndimakwera minibasi motsimphina, ndipo adokotala andiuza kuti ndisiye kudumpha pasimenti. Pa Facebook ndinaona nkhani ya Stephon Marbury, amene akuti atalephera ku America anapita ku China, kumene anamuumbira chipilala n'kumupatsa timu yoti aziphunzitsa. Kodi nkhaniyi ndi yoona? Nanga munthu ngati ine angatsate njira yomweyo n'kukapeza ntchito yauphunzitsi kunja? Ndine wosewera wa ku Ndirande.

Achimwene, nkhaniyo ndi yoona, koma Facebook yakupatsani mutu ndi mchira wokha, pamene mnofu wake uli pakati, pa zaka zimene anthu ojambula timakanema sazisamala. Ndiyamba ndafotokoza za munthuyo, kenako tibwere kwa inu ndi bondo lanu.

Stephon Marbury anabadwa mu 1977 ku Brooklyn, mumzinda wa New York, ndipo analowa m'ligi ya NBA mu 1996 atasankhidwa kukhala wachinayi pa anyamata onse amene matimu ankalimbirana chaka chimenecho. Mawu akuti analephera ndi olemera kwambiri kwa munthu amene anakhala zaka 13 m'ligi yaikulu kuposa zonse padziko lapansi, amenenso anasankhidwa kawiri, mu 2001 ndi mu 2003, kukasewera masewero a akatswiri okhaokha otchedwa All-Star. Chimene chinamusowa ndi chikho, komanso mtendere ndi aphunzitsi ake. Anadutsa ku Minnesota, ku New Jersey ndi ku Phoenix, koma kwawo ku New York ndi kumene zinthu zinafika poipa: anakangana ndi mphunzitsi Larry Brown, anakangananso ndi Isiah Thomas, ndipo mu 2008 Mike D'Antoni atatenga timu ya Knicks sanamulowetse m'masewero a ligi ngakhale amodzi, mpaka akuluakulu a kalabu anamuuza kuti asamafikenso kumene timu ikukonzekera. Anakakhala miyezi yochepa ku Boston Celtics mu 2009, ndipo mbiri yake ya ku America inathera pamenepo. Dzina la D'Antoni mulisunge, chifukwa tikumana naloso posachedwa.

Mu Januwale 2010 Marbury anatsikira ku China. Sanafikire ku Beijing, koma ku Taiyuan, mzinda wa m'chigawo cha Shanxi chimene chimadziwika ndi migodi ya malasha, ndipo kuchoka kumeneko anakasewera ku Foshan. Mu 2011 ndi pamene analowa timu ya Beijing Ducks, imene inali isanatengepo chikho cha ligi ya dzikolo yotchedwa CBA. Ali m'timuyo anatenga chikhocho katatu, mu 2012, mu 2014 ndi mu 2015. Chipilala chimene munachionacho anachiimika atatenga chikho choyamba, pambuyo pake anamutsegulira nyumba yosungiramo mbiri yake, ndipo boma la China linamupatsa chilolezo chokhala m'dzikolo mpaka kalekale, chinthu chimene alendo ochepa kwambiri amachipeza. Anasiya kusewera mu 2018 ali ndi zaka 40, ndipo mu 2019 anamusankha kukhala mphunzitsi wamkulu wa Beijing Royal Fighters, kalabu yomwe anamalizirako kusewera.

Tawerengani zakazo: kuyambira 2010 kufika 2019 ndi zaka 9. Pamene ankamupatsa timu, anthu a ku Beijing sankalemba ntchito mlendo wotsika ndege dzulo. Ankalemba munthu amene ankamuona m'sitima za mumzinda, amene ankamupeza kubwalo la mpira wamiyendo akuchemerera timu ya Beijing Guoan, amene ankadziwa oyimbira a m'ligiyo, mabwalo ake ndi khalidwe la wosewera aliyense wa timu iliyonse. Ndipo ngakhale zinali choncho, uphunzitsi sunamukomere monga kunamukomera kusewera. Chaka choyamba anaichotsa timuyo kumunsi kwa ligi n'kuilowetsa m'ndime yolimbirana chikho, koma pofika 2023, pamene anasiyana ndi kalabuyo, chikho anali asanachigwire ngati mphunzitsi. Chipilala chinali chiimire panja pa bwalo, koma chipilala sichiponya mpira mu ringi.

Tsopano D'Antoni uja, amene anamukhazika Marbury pabenchi. Iyenso ndi Mmereka amene NBA sinamuyanje kwenikweni ali wosewera, ndipo mu 1977 anapita ku Italy kukasewera timu ya Olimpia Milano. Anakhala kumeneko zaka 13, anatenga chikho cha ligi ya Italy kasanu ndi chikho cha makalabu a ku Ulaya kawiri, mu 1987 ndi mu 1988, anaphunzira Chitaliyana, mpaka anavala yunifolomu ya timu ya dziko la Italy. Atangosiya kusewera mu 1990, kalabu yomweyo inamupatsa uphunzitsi, kenako anapita ku Treviso kumene anatenga ligi mu 1997. Kasewero kothamanga kamene anadzatchuka nako ku Phoenix Suns, n'kusankhidwa kukhala mphunzitsi wopambana wa NBA mu 2005, anakakulitsira ku Italy. Moti anthu awiri amene anakangana ku New York aja anayenda njira yofanana, wina ku Milan, wina ku Beijing.

Chitsanzo chimene ine chimandigwira mtima kuposa ziwirizi ndi cha Tom Hovasse, chifukwa iye analibe dzina lalikulu loti limutsegulire zitseko. Mu NBA anangosewera masewero awiri okha ku Atlanta Hawks. Moyo wake wosewera unali ku Japan, kumene anapita mu 1990, anakwatira mkazi wa kumeneko n'kuphunzira chinenero chawo. Uphunzitsi anauyamba ngati wothandizira m'timu ya amayi, ndipo anakhala zaka zingapo pa udindo wonyamula mipirawo asanapatsidwe timu ya amayi ya dziko la Japan mu 2017. Pa masewero a Olimpiki a ku Tokyo, amene anachitika mu 2021, timu yakeyo inafika m'ndime yomaliza n'kutenga mendulo ya siliva, itagonja kwa America pa tsiku lomalizalo. Osewera ake anali aafupi poyerekeza ndi anzawo, choncho anawaphunzitsa kuthamanga ndi kuponya kuchokera kutali kuti azipeza mapointi atatu, zimene ife a kuno, amene sitinapatsidwe msinkhu wa anthu a ku South Sudan, tiyenera kuziganizira. Amene anaonera masewerowo amakumbukira kuti pa time-out, kanthawi kamene masewero amaimitsidwa kuti mphunzitsi alangize osewera, Hovasse ankalankhula ndi atsikana ake m'Chijapani, popanda womasulira.

Nkhani ya chinenero imeneyi musaipeputse, chifukwa inu nokha mukudziwa kutalika kwa time-out. Pa malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, ndi mphindi imodzi yokha, ndipo mphunzitsi amapatsidwa awiri m'theka loyamba la masewero ndi atatu m'theka lachiwiri. Mawu anu akamadutsa kaye m'kamwa mwa womasulira, mphindiyo yasanduka masekondi 30, ndipo ukali wanu, nthabwala yanu yochotsa mantha, ngakhale dzina lachibwana limene mumaitanira wosewera, zonse zimatsala m'njira. Palinso nkhani ya kadzudzulidwe. Kuno kwathu simungakalipire wosewera wamkulu, bambo wa ana, pamaso pa anyamata a sukulu monga mungakalipirire mwana, ndipo mukatero Loweruka lotsatira simumuonanso. Dziko lililonse lili ndi malire ake otere, amene salembedwa m'buku lililonse la uphunzitsi, ndipo amene wakhala zaka m'chipinda chovalira cha timu ya dzikolo amawadziwa asanauzidwe.

Malamulo a masewero nawonso amasiyana. Mu NBA masewero amatenga mphindi 48, pamene a FIBA amatenga mphindi 40. Mzere wa mapointi atatu uli pa mamita 7.24 mu NBA ndipo uli pa mamita 6.75 ku FIBA. Wosewera amatuluka akalakwa kasanu ndi kamodzi mu NBA, koma kasanu ku FIBA, ndipo ku FIBA wotchinga wamtali akhoza kuima pansi pa ringi nthawi yonse imene akufuna, pamene mu NBA saloledwa kupitirira masekondi atatu ngati sakulonda munthu. Apa ndiye muli ndi mwayi umene Mmereka alibe, chifukwa malamulo amene mwasewera nawo zaka 12 ku Blantyre ndi omwewo amene akuimbidwa ku Lusaka, ku Beira ndi ku Dar es Salaam.

Dziwaninso kuti kalabu ikamaitana mphunzitsi wakunja imakhala ikukhulupirira kuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, choncho imamupatsa nthawi yochepa yoti aonetse kuthwako. David Blatt, Mmereka amene anakasewera ku Israel n'kukhazikika komweko, anatenga chikho cha mayiko a ku Ulaya ndi timu ya Russia mu 2007 ndi chikho cha EuroLeague, ligi ya makalabu akuluakulu a ku Ulaya, ndi Maccabi Tel Aviv mu 2014. Atabwerera kwawo kukaphunzitsa Cleveland Cavaliers, anapezeka kuti ndi mlendo m'dziko lobadwira, ndipo anamuchotsa mu Januwale 2016 timu itapambana masewero 30 n'kugonja 11 okha.

Tsono funso lanu lachiwiri ndikuyankhani mosabisa. Palibe kalabu ya ku China kapena ya ku Ulaya imene idzaimbire foni wosewera wa m'ligi yathu kuti akakhale mphunzitsi wamkulu, chifukwa anthu ndatchulawa anayamba alowa m'mayikowo ngati osewera olipidwa, ndipo khomo limenelo bondo lanu lalitseka. Koma uphunzitsi weniweniwo sunatsekeke, ndipo poyambira pake ndi pamene muli. Ku Ndirande, ku Chirimba ndi ku Mbayani kuli sukulu zimene zili ndi ana ofuna kusewera koma zilibe munthu wodziwa kuwaphunzitsa kagwiridwe ka mpira, ndipo timu ya atsikana a zaka 14 idzakuphunzitsani zambiri za ntchitoyi kuposa kanema aliyense, chifukwa kwa iwo simunganene kuti "chita chonchi" n'kudumpha. Muyenera kupeza mawu. Funsani ku bungwe la BASMAL, loyendetsa basketball m'Malawi muno, za maphunziro a aphunzitsi kuti mukhale ndi satifiketi yozindikirika, ndipo pa intaneti pali mabuku a uphunzitsi a FIBA amene mungawerenge popanda kulipira. Muzilemba m'kope zimene mwakonza pa tsiku lililonse la zokonzekera ndi zotsatira za masewero onse, ndipo muzipempha mnzanu kuti azijambula masewerowo pafoni, chifukwa tsiku limene munthu wakunja adzafunse ntchito yanu adzafuna kuona zimenezo.

Ndipo mawu akuti kunja musamangowamva ngati Beijing. Kuchokera ku Blantyre kudzera ku Mwanza, Mozambique ili pafupi kuposa Mzuzu, ndipo basketball ya kumeneko ili patsogolo pa yathu: Ferroviário de Maputo ndi Ferroviário da Beira aseweramo m'ligi ya Basketball Africa League, ndipo timu ya amayi ya Ferroviário de Maputo yatengapo chikho cha makalabu a mu Africa. Ndikanakhala inu ndikanayamba kuphunzira Chipwitikizi chaka chino, ndipo ntchito imene imakudyetsani sindikanaisiya, popeza aphunzitsi ambiri a basketball kuno amagwira mongodzipereka, mwinanso kumachotsa m'thumba mwawo ndalama ya minibasi ya osewera.

Akonzi, ine ndi anzanga m'chipinda cha aphunzitsi tatsutsana sabata yonse. Iwo akuti katswiri wamkulu pabwalo ndiye amakhala mphunzitsi wabwino, ine ndikuti wosewera wamba ndiye amaphunzitsa bwino. Tiweruzeni. Ndine mphunzitsi wa sekondale ku Chilomoni.

Aphunzitsi, mlanduwu ndiugamula mokomera inu, koma osati wonse. Anzanuwo muwakumbutse za Magic Johnson, amene anatenga chikho cha NBA kasanu ndi Los Angeles Lakers. Mu 1994 anamupatsa timu yomweyo kuti aiphunzitse, ndipo pa masewero 16 anapambana 5 n'kugonja 11, khumi omaliza motsatizana, kenako anatula pansi udindo. Vuto la katswiri wotere inu mukulidziwa kuchokera m'kalasi: munthu amene masamu sanamuvutepo amavutika kumvetsa chimene chikumukanika mwana pa bolodi. Zimene thupi lake linkachita lokha sangathe kuzigawa m'masitepe, ndipo amapsa mtima msanga poona wosewera wosaona mpata umene iye akuuona ali pabenchi.

Koma iwonso ali ndi mboni zawo. Larry Bird, mdani wamkulu wa Johnson pabwalo, anaphunzitsa Indiana Pacers kuyambira 1997 mpaka 2000, anasankhidwa kukhala mphunzitsi wopambana mu 1998 ndipo anaifikitsa timuyo m'ndime yomaliza mu 2000. Chimene anthu amaiwala n'chakuti Bird anadziwa malire ake, n'kudalira kwambiri othandizira awiri odziwa ntchito, Rick Carlisle ndi Dick Harter. Palinso Šarūnas Jasikevičius wa ku Lithuania, amene anatenga EuroLeague kanayi ali wosewera. Iye sanalumphire pampando waukulu: anayamba ngati wothandizira ku Žalgiris kwawo mu 2014, anakhala mphunzitsi wamkulu mu 2016, anapita ku Barcelona mu 2020, ndipo chikho cha EuroLeague ngati mphunzitsi anadzachitenga mu 2025 ndi Fenerbahçe ya ku Turkey, patapita zaka 11 chiyambire.

Mukaonetsetsa, Marbury, D'Antoni, Blatt ndi Jasikevičius onse ankasewera malo amodzi, a wogawa mipira, amene pabwalo timamutcha point guard. Ameneyu amakhala ataphunzira kale kuganizira anthu asanu nthawi imodzi, kudziwa amene wazizira kuti amupatse mpira ndi amene watopa kuti amupumitse. Ine ndimaona kuti chimenechi n'chimene chimalosera uphunzitsi kuposa kuchuluka kwa mapointi.

Ngati anzanuwo ndi a mpira wamiyendo, apatseni zitsanzo za kwathu konkuno, ngakhale kuti zikomera iwo. Kinnah Phiri anali wogoletsa zigoli woopsa wa Bullets ndi Flames, anakasewera ku Manzini Wanderers ku Swaziland, dziko limene lero likutchedwa Eswatini, anaphunzitsa kumeneko ndi ku Free State Stars ku South Africa, ndipo mu 2010 anapita ndi Flames ku mpikisano wa mayiko a mu Africa ku Angola kumene tinagonjetsa Algeria 3-0. Patrick Mabedi naye anakhala wachiwiri kwa mphunzitsi ku Kaizer Chiefs, kalabu imene anali kaputeni wake ali wosewera.

Akonzi, ndine mtsikana wa Fomu 4 ndipo ndimasewera m'timu ya sukulu. Zitsanzo zimene timamva ndi za ku Ulaya ndi ku Asia zokhazokha. Kodi muno mu Africa mulibe wosewera wa NBA amene anabwera kudzaphunzitsa? Ndine wophunzira wa ku Zingwangwa.

Achemwali, alipo, ndipo nkhani yake ndi yokoma kuposa zonse. Royal Ivey ndi Mmereka wa ku New York amene analowa mu NBA mu 2004 ndi Atlanta Hawks, ndipo zaka zake zambiri m'ligiyo anali wosewera wolowa m'malo mwa ena, wodziwika ndi kutchinga. Atasiya kusewera anakhala wothandizira mphunzitsi ku Oklahoma City, ku New York ndi ku Brooklyn. Mu 2021 anamupatsa timu ya dziko la South Sudan, dziko limene linalandira ufulu wodzilamulira mu 2011.

Amene anamuitana ndi Luol Deng, yemwe anabadwira ku Wau, anathawa nkhondo ali mwana n'kukulira ku Egypt ndi ku London, kenako n'kukhala katswiri wa Chicago Bulls wosankhidwa kawiri ku All-Star. Deng anakhala pulezidenti wa bungwe la basketball la South Sudan mu 2019, ankalipira zambiri za timu kuchokera m'thumba mwake, ndipo nthawi zina ankaiphunzitsa yekha. Iye ndi Ivey anadziwana ali anyamata pa sukulu ya Blair Academy ku New Jersey, choncho ngakhale kuti Ivey sanakhalepo ku Juba, anali ndi mwini mudzi womutsogolera amene anamudziwa kwa zaka zoposa 20. Pa mpikisano wa dziko lonse wa 2023 timuyo inagonjetsa China, Philippines ndi Angola, n'kupeza malo ku Olimpiki ya ku Paris ngati timu yochita bwino kuposa zonse za mu Africa. Mu Julaye 2024, pa masewero okonzekera ku London, inagonja kwa America ya LeBron James ndi pointi imodzi yokha, 101-100, ndipo ku Paris inagonjetsa Puerto Rico 90-79. Zonsezi zinkachitika pamene dzikolo linalibe bwalo la basketball la m'nyumba loti timu ya dziko n'kusewererapo, zimene inu osewera pasimenti yotentha ya ku Blantyre muyenera kuzimva bwino, ngakhale kuti chilungamo chake n'chakuti osewera ambiri a timuyo anakulira ku Australia ndi ku America.

Popeza ndinu mtsikana, dziwaninso dzina la Liz Mills wa ku Australia. Iye sanachokere mu ligi yaikulu iliyonse, anayambira kuphunzitsa matimu a amuna ku Zambia, pafupi pompa, ndipo mu 2021 anapititsa timu ya amuna ya Kenya ku mpikisano wa mayiko a mu Africa wa AfroBasket patapita zaka 28 isanafikeko. Mu 2022 anakhala mayi woyamba kukhala mphunzitsi wamkulu mu Basketball Africa League, ndi timu ya AS Salé ya ku Morocco.

Akonzi, mwana wanga wamwamuna wa zaka 27 wakhala akusewera basketball kuyambira ali kusekondale. Tsopano munthu wina amene anadziwana naye pa WhatsApp akuti wamupezera ntchito yophunzitsa ana pa sukulu ya masewero kudziko lina la Aluya, koma akufuna K850,000 ya mapepala sabata ino isanathe. Mwanayo akundikakamiza kuti ndigulitse mbuzi zimene zili kumudzi ndi kutenga ngongole ku banki mkhonde. Munthuyo sitinamuonepo nkhope. Nditani? Ndine mayi wa ku Bangwe.

Mayi, mbuzizo musagulitse, ndipo ku banki mkhonde musapite. Sindikumudziwa munthuyo, koma ndikudziwa mmene ntchito imeneyi imayendera. Kalabu kapena sukulu imene ikufunadi mphunzitsi wakunja imamulembera kalata yokhala ndi dzina lake, keyala yake ndi dzina la mkulu amene wasaina, imatumiza mgwirizano woti auwerenge asanakwere ndege, ndipo ndi iyo imene imayendetsa za chilolezo chogwirira ntchito m'dziko lake. Kawirikawiri tikiti ya ndege ndi nyumba zimakhala mbali ya mgwirizanowo. Ejenti weniweni amapeza gawo lake mgwirizano ukasainidwa, ndipo alibe chifukwa chobisira nkhope kapena chokupatsani masiku asanu. Changu chimenecho ndi chida chake, chofuna kuti mulipire musanafunse munthu wina.

Mwana wanuyo mumuuze kuti achite zinthu izi inu muli pomwepo. Afunse dzina lonse la sukuluyo ndi mzinda wake, kenako alembere sukuluyo mwachindunji pa keyala imene waipeza yekha pa intaneti, osati imene wapatsidwa ndi munthuyo. Afunse ngati ejentiyo ali ndi chiphaso cha FIBA, chifukwa bungwelo limapereka ziphaso kwa maejenti ndipo maina awo amapezeka pa tsamba lake. Apite ndi mauthengawo ku BASMAL, amene angathe kufunsa bungwe la basketball la dzikolo ngati sukuluyo ilipodi, ndiponso ku ofesi ya zantchito ya boma muno mu Blantyre. Mgwirizano ukabwera, ayang'ane malipiro ndi tsiku lolandirira, mwini wolipira chipatala, ndi zimene zidzachitike akamuchotsa nthawi isanakwane. Migwirizano yambiri ya basketball ya pakati pa mayiko imakhala ndi ndime yonena kuti mkangano ukabuka udzapita ku bwalo la Basketball Arbitral Tribunal la ku Geneva, limene lathandiza osewera ndi aphunzitsi ambiri kulandira malipiro amene makalabu anawakaniza.

Palinso funso limene mwanayo sangakondwe nalo, koma mumufunse modekha, poti ndinu mayi ake: kodi waphunzitsapo timu iti, ndipo ali ndi satifiketi yanji ya uphunzitsi? Ngati yankho ndi lakuti palibe, ndiye adzifunse chifukwa chimene sukulu ya kutali choncho ingadumphire aphunzitsi onse a ku Egypt, ku Tunisia ndi ku Serbia n'kudzasankha iye. Nkhani za amayi a kuno amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukalandidwa mapasipoti, tonse tinazimva pa wailesi, ndipo nawonso ambiri anayambira pa uthenga wa pafoni. Munthuyo akakana kutchula dzina la sukulu, kapena akayamba kuopseza kuti malowo apatsa wina, musunge mauthenga onse ndi nambala imene akufuna kuti mutumizireko ndalama, ndipo mupite nazo kupolisi ya ku Bangwe kapena ya ku Limbe.